Munthu wa m'buti

Alamu anga sankakonza wailesi ya galimoto yoima. Ukawabweretsera galimoto pa kashopu kawo n'kuyamba kudandaula kuti masipika akumadula mawu, iwo ankakusiya ulankhule mpaka malovu aume. Ukatha, ankazungulira kumbuyo, kutsegula buti, kuyalamo katoni, kulowamo ngati munthu wopita kukagona, n'kukuuza kuti ulize injini ukawaonetse pamene zimachitikira. Ankati galimoto yoima ndi yabodza, imachita ngati mwana wodwala amene akangoona dokotala amayamba kusewera. N'chifukwa chake dzina lawo lenileni linatsalira pa chitupa. Tonse tinkangoti a Mabampu.

Kashopu kawo kanali pakati pa bambo wokonza matayala ndi mayi wosoka mipando ya galimoto. M'katimo munali mawailesi akufa osanjikizana mpaka kudenga, maginito a masipika akale atakwapatira misomali ndi mabawuti, ndi mawaya amitundumitundu akulendewera pakhoma. Koma eni akewo sunkawapeza mmenemo. Ukafunsa, wamatayala ankangoloza kumsewu ndi mlomo, ndipo ukayang'ana unkaona galimoto ikudutsa pang'onopang'ono, buti atamangidwa ndi chingwe kuti mpweya uzilowa, nsapato imodzi ikusuzumira panja.

Lamulo lawo linali limodzi ndipo silinkasintha: msewu womwewo, nyimbo yomweyo, katundu yemweyo. Mayi wina, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ya atsikana, anawauza kuti wailesi yake imasiya akamakhota. Anamuzungulitsa pa raundabauti kakhumi ndi kamodzi, mpaka mayiyo anatsika n'kukhala pansi m'mphepete mwa msewu atagwira mutu. Vuto analipeza ndithu, linali waya wa pachitseko. Wina woweta nkhuku anati masipika ake amafa akachoka kogula chakudya cha nkhukuzo. A Mabampu anamutuma kuti akapakire matumba a chakudyacho kaye, n'kudzilowetsa pakati pake. Anatulukamo ali mbuu ngati mphaka wogona paphulusa, koma ataona kuti thumba limakankha waya wa kuseri kwa sipika mpaka kugunda chitsulo.

Apolisi a pamsewu anazolowera mochedwa. Woyamba kuwapeza anaimitsa galimoto ya m'busa wina, n'kumva kanthu kakutsokomola kumbuyo. Atatsegula buti anapeza munthu ali chagada, sukuludiraiva ili kukamwa, chikhatho chili pa maginito a sipika. M'busa anayamba kulumbira zimene m'busa sayenera kulumbira. A Mabampu anachotsa sukuludiraiva kukamwa n'kunena modekha kuti, "Bwana, tsekani, mukundilowetsera phokoso."

Ine ndimayendetsa takisi, ndipo mtima wanga ndi wapachala, izo sindikana. Anthu ankaseka nkhanizi, ine zinkandinyansa, chifukwa munthu wa m'butiyo anali mwamuna wa mlongo wanga. Bambo athu nawonso sankawafuna. Tsiku limene anamva kuti mwana wawo akufuna kukwatiwa ndi wamawaya wogona m'mabuti, anati iwo sanalerere mwana kuti akakwatiwe ndi sipeya. Ukwati unachitika, koma dzina la sipeyalo linakhala m'nyumba mwathu zaka zambiri, likumatuluka a Mabampu akangotembenuka.

Tinayambana chifukwa cha kanthu kakang'ono. Sipika ya chitseko changa chakutsogolo inkanjenjemera ngati muli njuchi. Ndinapita nayo ndikuganiza kuti ndi ntchito ya mphindi zisanu. Anandiyendetsa m'mawa wonse, uku anthu akundiimbira foni kuti ndikawatenge. Titabwerera pashopu n'kundiuza kuti tibwerezenso kamodzi, ndinaphulika pamaso pa wamatayala ndi mayi wa mipando. Ndinati iwo si mmisiri ayi, ndi munthu wongokonda kukwera magalimoto a eni, ndipo bambo sananame powatcha sipeya. Anatuluka m'buti, kupinda katoni yawo bwinobwino, kulowa m'shopu. Chaka ndi theka chinatha tikungopatsana moni wa pamaliro.

M'nthawi imeneyo zinthu kunyumba zinaipa. Mayi anatisiya, ndipo bambo anayamba kuiwala. Poyamba ankaiwala makiyi, kenako masiku, kenako ife. Impso nazo zinafooka, moti Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndinkawatengera kuchipatala kuti makina akawasefe magazi. Ulendowo unali nkhondo. Galimoto ikangoyamba kuyenda ankaganiza kuti akubedwa. Ankadzipanikiza pakona ya mpando wakumbuyo, kumbuyo kwanga kwenikweni, atagwira chogwirira cha chitseko ndi manja onse, akukuwa.

Mlongo wanga ndi amene anapeza mankhwala ake. Anali ndi fulashi ya nyimbo za kwaya imene mayi ankaimbamo kutchalitchi. Mayi anali ndi chizolowezi choyamba nyimbo anzawo asanapume, ndiye mawu awo ankamveka okha patsogolo pa gulu lonse. Bambo akamva mawuwo ankakhala phee, kumwetulira, kumati mayi anuwa kufulumira sadzasiya. Vuto linali loti wailesi yakale ya m'galimoto yanga inalibe polowetsa fulashi.

Ndinagula yatsopano, ya magetsi osinthasintha mitundu, pamodzi ndi masipika awiri oika kuseri kwa mpando wakumbuyo kuti mayi aziimbira pafupi ndi makutu a bambo. Mlongo wanga anati ndipite nayo kwa amuna ake. Ndinati mawaya anayi sangandigonjetse ine munthu wa zaka makumi awiri pa chiwongolero. Lamlungu masana ndinagona m'galimoto, kupota mawaya ndi zala, kukulunga ndi tepi yakuda, ndipo mawaya opita kumbuyo ndinawadutsitsa pansi pa mpando chifukwa ndi pamene panali pafupi. Itayimba ndinadziona ngati injiniya. Safunsa anadya phula.

Lachiwiri loyamba tinayenda bwino mpaka pa mabampu a pamsika. Tayala lakumbuyo litangokwera, mawu anati zii. Magetsi a wailesi ankasinthabe mitundu ngati palibe chachitika. Bambo anafunsa ndi mawu amene sindidzawaiwala kuti, "Mwawatani mayi anu?" Patapita kanthawi nyimbo inabwerera yokha, ndipo ndinadzinamiza kuti zatha.

Lachisanu inadula katatu. Kachitatuko bambo anandigwira kolala ya malaya chakumbuyo n'kukoka ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Galimoto inalowera mbali ya eni, lole ikubwera. Mpaka lero sindidziwa mmene tinaphonyanira. Ndinaimitsa galimoto pambali, bambo akulira kuti ndawatsekera akazi awo pakamwa. Lachiwiri lotsatira anakana kukwera. Anakumbatira mzati wa pakhonde, ndipo munthu wodwala sungamukoke ngati mbuzi. Tsikulo linadutsa osasefedwa magazi. Miyendo inayamba kutupa, kupuma kukumveka uli kuchipinda china. Namwino pafoni sanandibisire: akaphonyanso Lachisanu, tikonzekere zina.

Lachitatu lonse ndinali pa wailesi ija. Ndinasintha fyuzi, ndinamanga waya wa ethi, uja wogwira chitsulo cha galimoto, mpaka bawuti kulira, ndinapotanso mfundo zonse n'kuwonjezera tepi. Ndinapita kwa amawaya awiri a mbali ina ya tauni. Onse anaiyatsa galimoto ili chiimire, kukweza voliyumu mpaka magalasi kunjenjemera, n'kundiuza kuti ilibe vuto. Ndinapita ndekha pa mabampu aja kasanu, ikuimba bwinobwino osaphonya liwu. Ndikanyamula anthu sindinkaiyatsa, chifukwa mawu a mayi anga si a pamsika, ndiye palibe chinandiuza kuti imadula pokhapokha bambo alimo. Ndinasowa mtengo wogwira. Ndinafika poganiza kuti mwina mayi eni ake ndi amene akukana kuimbira m'mawaya anga.

Lachinayi m'mawa mlongo wanga anandipeza nditatsegulanso dashibodi. Sanakuwe. Anangoima pachitseko n'kundifunsa ngati ndikufuna kuika bambo m'manda chifukwa cha manyazi. Ndinatseka dashibodi ija.

A Mabampu ndinawapeza, mwa mwayi, ali m'shopu akuwotcherera waya. Wamatayala ndi mayi wa mipando anasiya ntchito kuti aonere bwino. Ndinali nditakonza mawu panjira, koma alamu sanandipatse mpata. Anayang'ana galimoto, osati ine.

"Mawu akasiya, nkhope ya wailesi imazimanso?"

"Ayi, imayakabe."

"Ndiye moto ukufika. Fyuzi ndi ethi muzisiye, zilibe mlandu. Amasiya masipika onse kapena imodzi?"

"Onse."

"Ndiye wailesiyo ikudziteteza. Pali waya wa sipika umene ukumakhudza chitsulo penapake, ikamva choncho imatseka zonse kuti isapse. Anaika ndani?"

Ndinati munthu wina. Anasuzumira kuseri kwa wailesi, kuona mulu wa tepi yakuda uja, n'kunena kuti munthu winayo ali ndi manja ofanana ndi anga. Kenako anafunsa kuti ikamadula mumakhala ndani m'galimoto. Nditati bambo, anatenga katoni yawo pakhoma n'kunena kuti tikawatenge.

Mtima wanga wapachala uja unabweranso. Ndinati bambo anga si thumba la chakudya cha nkhuku, munthu akupuma movutikira, ndipo akachita mantha kamodzinso mwina sitifika nawo n'komwe Lachisanu. Anandimvetsera mpaka ndinatha. Anati akhoza kung'amba galimoto yonse masiku atatu kufunafuna malo amodzi, kapena akhoza kuwapeza lero, koma masiku atatuwo tilibe. Katundu yemweyo, alamu. Ndinawatsegulira buti ndi manja anga.

Bambo tinawapeza pakhonde, miyendo ili pa kampando. A Mabampu anagwada patali pang'ono monga ankachitira nthawi zonse pamaso pa apongozi awo. Bambo anawayang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti ndi ndani. Munthu amene anakhala mkamwini wawo zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anayankha kuti ndi wamawaya chabe. Anafotokoza kuti pali waya umene ukudula mawu a amayi, ndipo iwo akufuna munthu wowathandiza kuugwira.

"Palibe amene amawadziwa mawu awo kuposa inu," anatero. "Akangosiya, inu mugogode kawiri pampando. Ine ndili kumbuyo kwanuko, ndikuyankhani. Mukamva ndayankha, dziwani kuti sanapite kulikonse, ndawagwira."

Bambo anakhala kapitawo pafakitale moyo wawo wonse, ndipo chimene ankachisowa kwambiri chinali munthu woti awapatse ntchito. Anafunsa ngati akuti kawiri kapena katatu. Atauzidwa kuti kawiri, anapempha nsapato zawo.

Mlongo wanga anakhala kutsogolo, bambo pakona yawo, alamu m'buti, mayi akuimba. Ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira. Pa bampu yoyamba ya pamsika, zii. Pagalasi ndinaona dzanja la bambo likunyamuka kulunjika khosi langa. Dzanjalo linaima m'malere, kenako linatembenuka n'kumenya kumsana kwa mpando: go, go. Kuchokera m'buti kunamveka go, go. Bambo anakhala tsonga ngati mlonda. Nyimbo itabwerera anandiuza kuti ndipitirize, ntchito ikuyenda.

Tinadutsapo kanayi, ikudula malo omwewo. Kenako alamu anatuluka, kupempha bambo mwaulemu kuti akhale kaye mbali inayo, ndipo tinadutsa kawiri nyimbo osadukiza. Bambo atabwerera pakona yawo inadulanso. A Mabampu anati basi, ndiime pamthunzi. Tinawakhazika bambo kutsogolo, alamu n'kunyamula mpando wakumbuyo. Waya wanga uja unali utagona pa kambedza kachitsulo kogwira mpandowo, ndendende pamene bambo ankadzipanikiza. Unali utaphwanyika, mkuwa ukung'anima. Munthu akakhala pakonapo, bampu n'kumudzutsa n'kumubweza, mkuwawo unkagunda chitsulo.

Anandikodola ndi chala kuti ndione ndekha, thupi lawo litatchinga kuti mlongo wanga asaone. "Waya sadutsa pakati, alamu," ananong'ona. "Amayenda m'mbali ngati mkamwini." Anadula pophwanyikapo, kulumikiza ndi kuwotcherera, kuuveka kapaipi ka pulasitiki, n'kuudutsitsa m'mphepete mwa chitseko pansi pa kapeti. Mfundo zanga zonse za tepi anazimasula imodziimodzi n'kuziwotcherera. Mlongo wanga atafunsa kuti chinali chiyani, anati mpando unaluma waya, zimachitika. Manyazi amene anandigwira tsiku limenelo anaposa amene ndinkawathawa.

Lachisanu m'mawa bambo anafika pa galimoto n'kuima. Anafunsa kuti munthu wa m'buti uja ali kuti. Ndinati ntchito inatha, wailesi ili bwino tsopano. Anagwiranso mzati. Ndinaimba foni, ndipo pasanathe theka la ola a Mabampu anatulukira pakona atakwapatira katoni. Kuyambira tsikulo, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse kwa miyezi isanu ndi itatu, shopu inkatsekedwa m'mawa. Wailesi sinadulenso ngakhale kamodzi, koma bambo ankagogodabe pa mabampu a pamsika kuti aone ngati wantchito wawo sakugona, ndipo yankho linkabwera. Alonda a pageti ya chipatala anazolowera kutsegula buti n'kupereka moni.

Miyezi yonseyo ndinkati ndipepesa mawa. Ndinkaona kuti alamu akuonda, kuti akatuluka m'buti amayamba agwira bampala kaye asanaimirire, koma ndinkati ndi katoni yawoyo yawapweteka msana. Lolemba lina mlongo wanga anandiimbira kuti ndibwere nditengere amuna ake kuchipatala. Ndinafika, n'kuzungulira kumbuyo mwachizolowezi kuti nditsegule buti. Iwo anatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala pampando ngati munthu wina aliyense. Apo m'pamene mantha anandigwira.

Panjira ndinalimba mtima. Ndinati alamu, mawu aja ndinanena pashopu paja. Anakweza dzanja kuti ndikhale chete, n'kundiuza kuti ndibwerere pa bampu imene tadutsayo. Ndinabwerera, munthu akupuma mobanika pambali panga. Anapendeketsa mutu kumvetsera, n'kunena kuti sipika ya chitseko changa ija ikunjenjemerabe, ija sindinawalole kuimaliza. Anati akatuluka tidzaimaliza, ndidzabwere ndi mafuta okwanira. Ndinaseka, iwonso anaseka, ndipo kupepesa kwanga kunathera pomwepo. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi, sanatulukemo.

Msewu wathu wa magalaja sunasinthe kwenikweni, kungoti ulibenso choonera. M'kashopu muja tsopano mumagulitsidwa zikwama za mafoni. Amawaya amene alipo amayesa galimoto ili chiimire, n'kukuuza kuti ugule wailesi ina. Anthu amabwerabe kuchokera kutali kudzafunsa za bambo uja wogona m'buti, ndipo wamatayala, amene ankaloza msewu ndi mlomo, amangoweramira tayala lake. Mphunzitsi wamkulu uja anabwera kumaliro, ndipo anandiuza kuti akadutsa pa raundabauti paja amamvabe chizungulire. Sipika ya chitseko changa ikunjenjemerabe. Sindinalole munthu kuigwira, ndipo imandipweteka mtima tsiku lililonse.

Bambo tinawauza za malirowo katatu. Katatu konse analira ngati akumva koyamba, ndipo m'mawa mwake ankafunsanso. Tinaleka kuwauza. Lachiwiri ndi Lachisanu akaima pa galimoto n'kufunsa ngati munthu wa m'buti alimo, ndimati alimo, ndipo katoni ija ilimodi. Tikafika pa mabampu a pamsika amagogoda kawiri, ine n'kutsitsa dzanja pambali pa mpando wanga n'kuyankha pa chitseko. Bodza limeneli limandilemera, koma ndi limene likuwafikitsa kuchipatala.

Lachisanu lapitali mlongo wanga anatiperekeza, koyamba chimwalirire amuna ake. Anakhala kutsogolo, maso ali pawindo. Mayi anayamba nyimbo anzawo asanapume, tinakwera bampu, bambo anagogoda, ine ndinayankha. Kenako bambo anandigwira phewa mofatsa.

"Munthu wa m'butiyu ndi mwana wabwino," anatero. "Sanandisiyepo ndekha ngakhale tsiku limodzi. Mlongo wako akanapeza mwamuna wotere, ine ndikanagona tulo."

Pa bampu yachiwiri bambo anagogodanso, ndipo dzanja langa linakana kuchoka pa chiwongolero. Mlongo wanga sanacheuke. Anangotambasula dzanja n'kugogoda kawiri pa dashibodi.